Malamulo amene boma silingawalumphe: mayankho a zimene mwakhala mukutifunsa

Chichitireni msonkhano wa za ufulu ku Luchenza, pa ofesi yathu ya uphungu wa zamalamulo pa boma la Thyolo pakumakhala mzere kuyambira m'mamawa. Ambiri akubwera ndi mapepala a minda atawakulunga m'jumbo, ati anamva kuti lamulo la dziko lonse lalamula kuti malo a esiteti abwezedwe. Ife sitinanene zimenezo pa msonkhanowo. Nawa mayankho athu.

Kodi malamulo munkanenawo ndi ati?

Ndi malamulo ochepa amene maiko anavomereza kuti palibe boma lingawapatuke, ngakhale litagwirizana ndi boma linzake. Akatswiri amawatcha jus cogens. Ndime 53 ya pangano la ku Vienna la 1969 imati mgwirizano uliwonse wotsutsana nawo ndi wopanda ntchito.

Amaletsa chiyani?

Mu 2022, bungwe la International Law Commission, la akatswiri a zamalamulo la pansi pa United Nations, linatchula izi: kuputa dziko lina ndi nkhondo, kupulula mtundu wa anthu, milandu yoopsa yochitira anthu wamba, kuphwanya malamulo oyambirira a pankhondo, tsankho la mtundu, ukapolo, kuzunza munthu, komanso kumana anthu ufulu wodzilamulira. Linanenanso kuti mndandandawu sunathere pomwepa.

Si paja Malawi ndi dziko loima palokha? Akunja angatiuze bwanji zochita?

Kuima patokha sikupatsa boma chilolezo chozunza anthu ake. Ndipotu malamulo athu oyendetsera dziko a 1994 amanena zomwezo: ndime 19 imaletsa kuzunza, ndime 27 imaletsa ukapolo, ndipo ndime 45 imati ngakhale pa nthawi ya zoopsa, boma silingaimitse ufulu umenewu.

Ufulu wodzilamulira uli pa mndandanda. Ndiye anthu a ku Thyolo ndi Mulanje sangatenge malo awo, kapena kukhala dziko paokha?

Funso ili ndi limene ladzaza mabenchi athu, ndipo tiliyankha mosamala. Kudandaula kwanu n'koona. Malo ambiri achonde kuno anapita m'manja mwa atsamunda m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston ankapereka zikalata za umwini, ndipo lero pali mabanja olima chinangwa pamtsetse poterera pomwe tiyi wayala kuseri kwa nyumba yawo. Izi zimatiwawa nafenso.

Koma ufulu wodzilamulira, monga maiko amaumvera, unagwira ntchito makamaka pomasula maiko ku ulamuliro wa atsamunda, monga zinachitikira kuno mu 1964. Chaka chomwecho atsogoleri a mu Africa atakumana ku Cairo anagwirizana zolemekeza malire amene anawapeza. Mu 1995, bungwe la mu Africa loona za ufulu wa anthu linakana pempho la anthu a ku Katanga lofuna kuchoka mu Zaire. Choncho sitingauze munthu kuti lamuloli likupatsa boma la Thyolo kapena la Mulanje mphamvu yodzipatula, kapena kuti likufafaniza chikalata cha esiteti. Alipo akatswiri amene amati kulanda malo kwa atsamunda kuyenera kukonzedwa, ndipo mfundo yawo ndi yomveka, koma njira yake ndi ya malamulo athu a za malo, makhoti, aphungu ndi zokambirana. Wolowa m'munda wa esiteti ndi khasu atadalira lamulo la dziko lonse akhoza kumangidwa, ndipo lamulolo silidzamutulutsa. Chonde, amfumu, auzeni anthu anu zimenezi.

Malipiro a othyola tiyi ndi ochepa. Si ukapolo umenewo?

Nthawi zambiri ayi. Malipiro ochepa ndi nkhani ya ku ofesi ya zantchito ndi khoti la zantchito. Koma ngati munthu akugwiritsidwa ntchito mokakamiza monga zinkakhalira pa thangata, akuletsedwa kuchoka chifukwa cha ngongole yosatha, kapena mwana watengedwa kukagulitsidwa kutsidya kwa Muloza, bwerani tsiku lomwelo. Lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu lilipo.

Mwana wanga anamenyedwa m'chitokosi kuti avomere mlandu. Tilandira chipukuta misozi?

Kumumenyako n'koletsedwa kotheratu, kaya anaba kaya sanabe. Za ndalama sitingalonjeze. Kuletsedwa kwa chinthu sikutanthauza kuti khoti lililonse lilamula malipiro: mu 2012 khoti la dziko lonse la ku The Hague linagamula kuti dziko la Germany silingasumiridwe m'makhoti a ku Italy, ngakhale milandu yake ya pankhondo inali yoopsa. Kuno njira ilipo m'makhoti athu, koma imafuna umboni ndipo imachedwa. Pezani kalata ya kuchipatala mabala asanapole, jambulani zithunzi, lembani tsiku ndi maina a mboni. Mukhoza kudandaula ku Malawi Human Rights Commission kapena ku Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama ya loya.

Mukuoneka ngati muli mbali ya eni esiteti.

Mawu amenewa tawamva, ena atinenera pamaso. Sitilandira kanthu ku esiteti iliyonse. Mapepala anu a minda tipitiriza kuwaona mmodzimmodzi, koma bwerani ndi enienieni, ndipo amene nkhani yawo ndi ya kumenyedwa kapena ya mwana wosowa asaime pamzere, alowe.