Kodi akuda a Springboks amangoikidwa m'timu?

Mphekesera iyi siitha pa Facebook: akuti osewera akuda m'timu ya rugby ya South Africa, yotchedwa Springboks, amasankhidwa chifukwa cha khungu, luso alibe. N'zoona kuti akuluakulu a rugby kumeneko anaika mfundo zochulukitsa akuda m'timu, popeza apartheid inawatsekera kunja zaka zambirimbiri. Koma zoti rugby ndi yachilendo kwa iwo ndi bodza lamkunkhuniza, ku chigawo cha Eastern Cape akuda anayamba kuisewera m'zaka za m'ma 1800.

Onaninso fainolo ya chikho cha dziko lonse cha rugby ya 2019 ku Japan. Ma try (zigoli zogunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani) awiri onse anagoletsa ndi Makazole Mapimpi ndi Cheslin Kolbe, onse osakhala azungu, England n'kugonja 32-12. Kaputeni wachikuda Siya Kolisi, wokulira ku Zwide ku Eastern Cape komweko, anakweza chikhocho, n'kudzachikwezanso ku France mu 2023 atagonjetsa New Zealand 12-11.