Kuchokera ku Michesi Kufika ku Soche: Ntchito Yoona za Ngozi m'Makhonsolo

Mwezi wa Marichi ukafika, mtsutso wa yemwe anayenera kuteteza anthu a ku Chilobwe umabukanso. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu 2023, ambiri analoza chala khonsolo ya mzinda wa Blantyre, kuti inalekerera anthu kumanga m'mphepete mwa phiri. Kuti mlanduwu uweruzidwe bwino, mpofunika kudziwa momwe ntchito yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi inafikira m'manja mwa makhonsolo, komanso mphamvu zomwe anapatsidwa poilandira.

Chiyambi chake ndi Napolo wa ku Phalombe wa mu Marichi 1991, pomwe madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi. Malipoti amasiyana pa chiwerengero cha omwalira, ngakhale onse amavomereza kuti anali mazanamazana, ndipo kusiyanako n'komveka poti ambiri anakwiririka osapezekanso. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo la Disaster Preparedness and Relief Act, lomwe linabala ofesi ya komishonala woona za ngozi, gwero la DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Lamulolo linalembedwa m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo maso ake anali pa kugawa thandizo ngozi ikachitika, chilichonse chikuchokera ku likulu. Pa nthawiyo Phalombe analibe ngakhale boma lakelake, anali pansi pa Mulanje.

Mu 1998 kunabwera lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo makhansala anasankhidwa mu Novembala 2000. Apa m'pamene, m'kuona kwanga, nkhani inakhotera. Nthawi ya makhansalawo itatha mu 2005, chisankho china chinangoimitsidwa mobwerezabwereza mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo chinadzachitika pa 20 Meyi 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi mizinda inalibe mfumu ya mzinda yosankhidwa, ndipo munthu wa ku Ndirande kapena ku Bangwe analibe khansala womudandaulira za ngalande yotsekeka. Mkati mwa zaka zomwezo, mu 2010, Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la maboma aang'ono lija: mabwanamkubwa ndi akuluakulu oyendetsa makhonsolo a mizinda anayamba kusankhidwa ndi nduna, ndipo aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'khonsolo. Boma la nthawiyo linkatchula za ndalama ndi kukonza malamulo ngati zifukwa zochedwetsera chisankho, pomwe otsutsa ankati linkaopa kugonja m'madera. Zifukwa za boma sizikhutiritsa kwenikweni, popeza chisankho cha pulezidenti ndi aphungu cha 2009 chinachitika bwinobwino. Mulimonsemo, mizinda inapitiriza kukula, ndipo osauka ankamanga pomwe apeza malo.

Wogwira ntchito yoona za ngozi pa khonsolo amakhala pakati pa mabwana awiri. Tsiku ndi tsiku amayankha kwa bwanamkubwa, koma chimanga, matenti ndi ndalama zambiri za thandizo zimadzera ku DoDMA ndi mabungwe. Pansi pake pali makomiti a m'dera la mfumu yaikulu ndi a m'midzi, omwe mamembala ake ndi ongodzipereka: ndiwo amachenjeza anzawo mtsinje ukamadzaza, kulemba mayina a okhudzidwa, ndi kutsogolera anthu ku sukulu kapena ku tchalitchi komwe kwasanduka msasa. Makomitiwa anapangidwa moganizira mudzi wokhala ndi nyakwawa yodziwa aliyense, osati dera la m'tauni lodzaza ndi alendi.

Madzi osefukira a 2015, namondwe wa Idai wa 2019 ndi wa Ana wa 2022 anadutsa lamulo la 1991 likadalipo. Aphungu anavomereza lamulo latsopano la Disaster Risk Management Act mu Epulo 2023, Freddy atapha kale anthu oposa 1,000. Lamuloli limalola boma kulengeza malo kuti ndi angozi ndi kusamutsa okhalamo, koma wopita kukauza banja la ku Soche kuti lichoke akadali wogwira ntchito wa pa khonsolo, yemwe malo okawapatsa anthuwo sali m'manja mwake.