Opaleshoni ya chophuka si yongobwezera matumbo n'kusoka

Ndatopa kumva anthu, ena mwa iwo ophunzira ndithu, akunena kuti chophuka cha m'mphechepeche, chotupa chobwera matumbo akatulukira pa chibowo cha m'minofu ya mimba, n'chosavuta, dokotala amangobwezera matumbo m'mimba n'kusoka. Kubwezerako sikutivuta. Chimene chimatitulutsa thukuta ife madokotala ndi mitsempha ya magazi imene yapanikizana pamalo ochepa amenewa.

Njira imene chophuka chimatsikira ndi yotalika masentimita 4 basi, ndipo pansi pake pamadutsa mitsempha iwiri ikuluikulu, wina wopititsa magazi kumwendo, wina wowabwezera kumtima. Wobwezerawo ndi wopyapyala, moti singano ikazama pang'ono posoka minofu, makamaka pa kasokedwe kamene Edoardo Bassini wa ku Italy anayambitsa m'zaka za m'ma 1880, umabooka. Wodziwa ntchito akaona magazi oderapo akudzaza bala samanga ulusiwo. Amauchotsa, n'kupanikiza pamalopo moleza mtima mpaka magazi aleke. Kuseri kwa fupa la pachinena, anthu ena ali ndi kamtsempha kamene timakatcha corona mortis, ndipo kakadulidwa kamabwerera kuseri kwa fupalo n'kumataya magazi kumene maso safika. Timakaopa kwambiri pa chophuka chotulukira cha kuntchafu, chimene chimagwira amayi kawirikawiri.

Zonsezi zimapeweka ngati minofu ikuoneka bwino, ndipo kuchedwa n'kumene kumatiwonongera mwayi umenewu. Sindiiwala bambo wina amene anakhala ndi chophuka kwa zaka zambiri, akuchimanga ndi lamba, uku sing'anga akumutema mphini pachotupa pomwepo n'kupakamo mankhwala akuda. Anabwera usiku akusanza, mimba itafufuma, chotupa chitauma gwa. Titatsegula tinapeza zonse zitamatirirana, ndipo timitsempha topita ku tchende, timene mwa munthu wobwera msanga timatipatula ndi chala, tinali titakwiririka m'zipsera. Tinadula gawo la matumbo limene linali litafa kale. Moyo unapulumuka, koma patapita miyezi tchende la mbali imeneyo linafota chifukwa chosowa magazi. Bamboyo akanabwera pamene chotupa chinkabwererabe chokha pogona chagada, tikanaika kaukonde kolimbitsa khoma la mimba, iye n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Palibe muzu, lamba kapena mphini zimene zingatseke chibowo cha m'minofu, ndipo amene akukuuzani zosiyana ndi izi akungofuna ndalama zanu. Kutema pamenepo n'koopsa pakokha, chifukwa pansi pa khungulo pali matumbo ndi mitsempha yomwe ija. Chotupa chikakana kubwerera, chikayamba kupweteka kwambiri, munthu n'kumasanza kapena kulephera kutulutsa mpweya ndi chimbudzi, musachikankhe mwamphamvu ndipo musadikire kuti kuche. Matumbo opanidwa amatha kufa m'maola 6 okha, choncho pitani kuchipatala cha boma cha m'dera lanu nthawi yomweyo, osadya kapena kumwa kanthu panjira.