Ludlow: tauni yaing'ono yomwe inamangidwa mozungulira msika

Ludlow ili m'chigawo cha Shropshire ku England, kufupi ndi malire a Wales, pomwe mtsinje wa Corve umathira mu Teme. Kalembera wa mu 2011 anapezamo anthu opitirira pang'ono 10,000. Ife okonza mapulani a matauni sitikhutira ndi nambala yokhayo, chifukwa kukula kwa tauni yamsika sikuonekera pa anthu ogonamo okha ayi. Muwerengenso alimi ndi mabanja a m'midzi yozungulira, amene amabwera m'mawa kudzagula, kudzagulitsa kapena kudzasiya ana kusukulu, madzulo n'kubwerera kwawo.

Msika umachitikira pabwalo la Castle Square Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka. Bwaloli lili pakhomo penipeni pa linga lomwe banja la de Lacy linayamba kumanga patangopita zaka zochepa Anormani, ankhondo ochokera kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066. Sizinangochitika mwangozi. Mwini linga ankateteza amalonda, amalondawo n'kumamupatsa msonkho.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi misewu yake. Broad Street ndi Mill Street imatsetsereka mowongoka kuchoka kumsika kulowera kumtsinje, ndipo mapuloti ake ndi opapatiza kumaso koma aatali kumbuyo. Anawadula dala choncho kuti wamalonda aliyense apeze kakhomo koyang'ana kumsewu, pomwe nkhokwe ndi malo ogwirira ntchito zili kuseri. Mukaima pa Broad Gate, chipata chokhacho chotsala pa mpanda wakale wa tauniyi, n'kuyang'ana kumtunda, mapulaniwo mukuwaona ndi maso anu, nyumba zitathithikana phewa ndi phewa.

Linga lija lero ndi bwinja, koma mbiri yake ndi yolemera. Mmenemo ndi momwe Arthur, mwana wamkulu wa Mfumu Henry VII, anafera mu 1502, ndipo khonsolo yoyang'anira Wales inkakhala momwemo mpaka 1689. Palinso tchalitchi cha St Laurence, chomwe nsanja yake imaonekera patali, ndi hotela ya Feathers ya mu 1619, yamatabwa osemedwa mwaluso. Nyumba zotetezedwa ndi lamulo chifukwa cha mbiri yake zilipo pafupifupi 500.

Kumbali ya maphunziro, mapulayimale alipo, ndipo sekondale ya Ludlow Church of England School imalandira ana a zaka 11 mpaka 16. Opitiriza amapita ku Ludlow College, yomwe mizu yake imafika cha m'ma 1200. Mu 2013 kolejiyi inaphatikizana ndi ina ya ku Hereford.

Apa ndi pomwe nkhawa yanga ili. Kukongola kwa tauniyi kumakopa anthu opuma pantchito omwe ali ndi ndalama, nyumba n'kukwera mtengo, mabanja achinyamata n'kumavutika kupeza pokhala. Ku England ndalama zoyendetsera sukulu zimadalira kwambiri chiwerengero cha ana. Banja lililonse lachinyamata likasamuka, sukulu imataya ana ndi ndalama zomwe, ndipo mwana wa kumudzi wakutali, amene alibe sekondale ina pafupi, ndiye woyamba kuvutika.