Mafunso 10 a Edinburgh kwa amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene

Kodi mafunso amenewa ndi otani?

Ndi pepala limene John Cox, Jeni Holden ndi Ruth Sagovsky anakonza ku Scotland, dziko limene kuli mzinda wa Edinburgh, n'kulisindikiza mu 1987. Azamba ndi anamwino m'mayiko ambiri amaligwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati mayi akuvutika maganizo. Limafunsa za masiku 7 apitawo okha: kodi mumatha kuseka, mumadziimba mlandu pachabe, mumagwidwa mantha opanda chifukwa, mumangolira?

Za kutopa ndi chilakolako cha chakudya mulibe. Anachita dala, chifukwa mayi aliyense wa mwana wakhanda amakhala wotopa.

Malikisi amawerengedwa bwanji?

Yankho lililonse lili ndi malikisi kuyambira 0 mpaka 3, ndipo onse pamodzi amafika 30. Zipatala zambiri zimati 13 kapena kuposa ndi chizindikiro choti mayi aonedwe bwino. Zina zimayambira pa 10.

Ndikapeza 13, ndiye kuti ndili ndi matenda a maganizo?

Ayi. Pepalali limangouza namwino kuti akhale nanu pansi mukambirane, ndipo amene amatsimikiza za matenda ndi dokotala. Komanso malikisi ochepa satanthauza kuti munthu alibe vuto. Amayi ena amasankha mayankho abwino poopa kuti anenedwa kuti sakonda mwana wawo. Amayi, chonde musatero. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi amayi 13 mwa 100 alionse amene angochira amavutika maganizo. Si ulesi, ndipo amachira akathandizidwa.

Funso lomaliza likuti ndinene ngati ndinaganizapo zodzivulaza. Ndiyankhedi?

Yankhani zoona. Funso limeneli lili ndi lamulo lakelake: ngati simunayankhe kuti "sizinachitikepo", namwino ayenera kulankhula nanu tsiku lomwelo, ngakhale malikisi ena onse atakhala 0. Ena amaopa kuti kufunsa za kudzipha kumamuika munthu maganizowo m'mutu. Sizili choncho. Chimene chimaopsa ndi mayi kusenza yekha maganizo otere, kulera khanda usiku wonse, popanda womuuza.

Ndakhala ndikulira kuyambira tsiku lachitatu nditachira. Ndi zomwezo?

Mwina ayi. Kulira kwa masiku oyambirira n'kofala ndipo kumatha pasanathe milungu 2. Kukapitirira apo, bwererani kuchipatala. Koma mayi akamamva mawu a anthu osaoneka, kusokonezeka kapena kukhala masiku osagona n'komwe, amenewo ndi matenda ena amene pepalali silingawaone. Amagwira mayi 1 kapena 2 mwa 1,000, ndipo ayenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo.

Nanga ine amene ndinapita padera, kapena mwana wanga anabadwa atamwalira?

Pepani kwambiri. Malikisi anu akhoza kukwera chifukwa cha chisoni, ndipo chisoni si matenda. Komabe muyenera kufunsidwa ngati mayi wina aliyense, makamaka mukatenganso pakati, pamene mantha amabwerera. Bambo a mwanayo nawonso akhoza kuyankha mafunsowa.

Chithandizo chake n'chotani?

Choyamba ndi uphungu wokambirana. Mu 2015 WHO inatulutsa buku la Thinking Healthy, njira imene inayesedwa ku Pakistan, yoti alangizi a zaumoyo azithandiza mayi kuzindikira maganizo omufooketsa n'kuwasintha. Matenda akakula, dokotala amapereka mankhwala, ndipo alipo ena, monga sertraline, amene mayi amatha kumwa akuyamwitsa.