Mukapita kukacheza kundende, funsani tsiku limene munthu adalowa

Loweruka lina m'mwezi wa Juni ndidatsagana ndi amayi a mumphakati wathu kukacheza kundende ina ya m'chigawo chapakati. Adasenza zomwe Akhristu timasenza nthawi zonse: sopo wamtanda wodulidwa zidutswa, shuga, mchere, timapaketi ta soya ndi mabulangete angapo poti chisanu chidali chitafika. Tidaimba, akatekisiti adawerenga Mateyu 25, paja Ambuye akunena kuti adali m'ndende ndipo tidapita kukawaona. Tili mkati mogawa sopo, mnyamata wina amene sadavale zoyera za akaidi adandigwira dzanja atamva kuti ndine loya.

"Bwana, sopo ndalandira, zikomo kwambiri. Koma mungandifunsireko kuti mlandu wanga udzalowa liti?"

Ndidamufunsa kuti adabwera liti. Adati chimanga chidali chisanamasule. Ndidati chaka chino? "Iyayi bwana, chaka chathachi." Ankamuganizira kuti adaba foni pamsika. Kukhoti adaonekerako kamodzi kokha.

Ambiri timaganiza kuti aliyense amene ali kuseri kwa waya uja adapezeka wolakwa. Sichoncho. Muli akaidi amene khoti lidawagamula, komanso muli a pa rimandi, amene akungodikira kuti mlandu wawo uzengedwe. Pamaso pa lamulo a pa rimandiwa ndi osalakwa ngati inu ndi ine, mpaka khoti litanena mwina. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati munthu akamangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, auzidwe chimene wamangidwira, ndipo atulutsidwe pa belo pokhapokha patakhala chifukwa chenicheni chomusungira. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti mulipire, akukuberani. Gawo lomwelo limapatsa womangidwa ufulu wochezeredwa ndi abale ake, dokotala ndi mlangizi wachipembedzo. Ndiye pamene mphakati ukupempha kulowa m'ndende, sukupempha chifundo cha abwana oyang'anira ndende ayi. Ndi ufulu wa anthu ali mkatiwo.

Chimene ambiri sadziwa, ngakhale ena ovala mayunifolomu, n'chakuti kuyambira mu 2010 lamulo la kazengedwe ka milandu lidaika malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe. Pa milandu yozengedwa ndi majisitireti, ngati wa foni uja, ndi masiku 30. Pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra, kugona ndi mwana kapena kuba moopseza, ndi masiku 90. Woimira boma angapemphe khoti kuti liwonjezere, koma osapitirira masiku 30. Masikuwa akakwana, khoti lingapereke belo ngakhale munthuyo sadapemphe. Mnyamata uja adali atakhala masiku oposa 450.

Zimatheka bwanji? Kawirikawiri sipakhala munthu mmodzi wankhanza amene mungamuloze chala. Doketi, failo ya mlandu ya apolisi, imasowa. Wapolisi amene ankafufuza amasamutsidwa, wolowa m'malo mwake sadziwa kuti kuli munthu wotere. Galimoto yopita kukhoti ilibe mafuta. Wodandaula adapeza foni ina, adasiya kubwera. Kapena belo idaperekedwa ndithu, koma khoti lidafuna abale awiri omuimirira, pomwe kumudzi sakudziwa n'komwe kumene mwana wawo ali, ena mpaka adayesa kuti adapita ku Joni. Munthu wandalama sagonera zoterezi chifukwa loya wake amakhala pakhomo la kalaliki wa khoti mamawa. Amene amaiwalika ndi wa kabaza, wa ganyu, mayi wogulitsa mandasi. Timakonda kunena kuti mlandu suwola, ndipo n'zoona, koma wodikira mlanduyo m'selo yothithikana amatuluka ndi mphere ndi chifuwa chachikulu, munda uli thengo, mkazi atabwerera kwawo.

Akatolika ena amandifunsa ngati kulowerera zimenezi si ndale. Ndimawakumbutsa za Lamulungu la pa 8 Malichi 1992, pomwe kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno. Timaikumbukira ngati kalata imene idatsegula njira ya zipani zambiri, koma mkati mwake maepiskopi adatchulamo anthu otsekeredwa osadziwa kuti milandu yawo idzamveka liti, ndipo adati Mpingo sungatsinzine pa zimenezo. Adanena izi nthawi imene ku Mikuyu kudali anthu osungidwa zaka popanda kuzengedwa, ndipo Orton Chirwa adali m'ndende ya Zomba momwe adafera mu Okutobala chaka chomwecho. Maepiskopi adaitanidwa kupolisi, boma lidati kalatayo ndi youkira, Monsinyo John Roche adathamangitsidwa m'dziko. Kusunga munthu popanda mlandu chifukwa cha ndale kudatha. Kusunga munthu popanda mlandu chifukwa ndi wosauka ndiko kudatsala, ndipo funso la mnyamata uja ndi lomwe lija maepiskopi adafunsa.

Makhoti adayankhulapo kale. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano adasumira boma m'malo mwa akaidi onse, oweruza adati kupanikiza anthu m'maselo opanda mpweya wokwanira ndi nkhanza zoletsedwa ndi Malamulo Aakulu, ndipo kusowa ndalama si chifukwa chophwanyira ufulu wa munthu. Adapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Aliyense amene adalowapo ku Maula kapena ku Chichiri akudziwa kuti chigamulocho chikadali papepala. Anthu amagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, kuyambira masana pamene maselo atsekedwa mpaka m'mawa. Chakudya ndi kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba. Mu 2017 khoti lidathetsanso kachigawo ka lamulo la atsamunda kamene apolisi ankagwirira anthu ngati mavakabu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene adamangidwa akulawirira kumsika wa ku Limbe. Ziweruzo zabwino tili nazo. Chosowa ndi anthu oti azikumbutsa za izo sabata ndi sabata osatopa, ndipo m'dziko muno ndi mabungwe ochepa amene ali ndi anthu m'mudzi uliwonse ngati Mpingo.

Papa Francis adaonetsa njira ndi manja ake. Patangotha milungu iwiri atasankhidwa mu 2013, pa Lachinayi Loyera adakatsuka mapazi a achinyamata 12 m'ndende ya ana ya Casal del Marmo ku Rome, pakati pawo pali atsikana ndi Asilamu. Mu 2018 adasintha ndime 2267 ya Katekisimu kuti inene mosapsatira kuti chilango cha imfa n'chosaloledwa ndipo Mpingo ukulimbikira kuti chithe padziko lonse. Ukaidi wa moyo wonse ankautcha chilango cha imfa chobisika. Pa 26 Disembala 2024 adatsegula Khomo Loyera la Jubile m'ndende ya Rebibbia, ndipo masiku anayi asanamwalire mu Epulo 2025, ali wofooka panjinga ya odwala, adapitanso kukaona akaidi ku Regina Coeli. Ankakonda kudzifunsa akalowa m'ndende kuti n'chifukwa chiyani muli iwowa osati iye.

Za chilango cha imfa, kuno sitidanyongenso munthu chiyambire 1992, koma lamulo likadalipo, pomwe anzathu a ku Zambia adalichotsa mu 2022 ndipo a ku Zimbabwe mu 2024. Chigamulo cha 2007 pa mlandu wa mkaidi Kafantayeni ndi anzake chidathetsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolamulidwa kuphedwa popanda kumva mbiri yake. Milandu ya amene adali atalamulidwa kale kuphedwa itayamba kumvedwanso mu 2015, anthu oposa 100 adatuluka, ndipo umboni umene udawathandiza udachokera kwa mafumu, abale ndi anansi amene adafotokoza kuti munthuyo adali wotani.

Ndikudziwa zimene ena akuganiza powerenga izi, chifukwa mayi wina adandiuza maso ndi maso titatuluka m'Misa: "Inu maloya mumakonda akuba. Mbuzi zanga zitatu za fizi ya mwana zidapita, ndani adandibweretsera sopo?" Mayiyu sadalakwe. Mpingo umene umaona mkaidi n'kulambalala wobedwa ndiye kuti waona ndi diso limodzi. Koma tiyeni tifunse kuti mayiyu adapindula chiyani pamene woganiziridwa adakhala chaka pa rimandi. Mbuzi sizidabwere, chigamulo sadachimve, ndipo ngati apolisi adagwira munthu wolakwika, wakuba weniweni akadali m'mudzi. Mlandu wozengedwa msanga umathandiza onse awiri. Pa milandu ing'onoing'ono malamulo athu amalola kuyanjanitsa, kubweza katundu, kapena chilango chokagwira ntchito pachipatala kapena pasukulu munthu akugona kwawo. Anthu akataya chikhulupiriro mwa makhoti ndi pomwe amayamba kufuna petulo ndi tayala, ndipo tonse taonapo kumene zimenezo zimathera.

Tsono pempho langa kwa mphakati uliwonse, Amayi Achikatolika, a Legio ndi komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya pa parishi ndi ili. Sopo musasiye, amafunikadi. Koma onjezani kope ndi cholembera, mutapempha chilolezo kwa oyang'anira ndende. Lembani dzina, mudzi, mfumu, tsiku lomangidwa, polisi imene idamanga, mlandu, ndi tsiku lomaliza kuonekera kukhoti. Funsani ngati abale akudziwa. Mukaona nkhope yachibwana funsani zaka, chifukwa wosakwana 18 ndi mwana ndipo malo ake si pakati pa akuluakulu. Nthawi zina kaundula wa ubatizo wa ku parishi ndiye umboni wokhawo wa tsiku lake lobadwa. Maina amenewa muwapereke ku ofesi ya Chilungamo ndi Mtendere (CCJP) ya dayosizi yanu, ku Legal Aid Bureau imene imaimira osauka, kapena kwa maparaligo, othandiza anthu pa zamalamulo, a bungwe la PASI amene akhala akugwira ntchito m'ndende zathu kuyambira mu 2000. Iwowa amadziwa kupempha kuti majisitireti abwere kudzaunika milandu m'ndende momwemo. Musalonjeze munthu kuti atuluka, ndipo musalandire ndalama ya wina aliyense.

Za mnyamata uja, tidatumiza uthenga kudzera kwa bambo mfumu a parishi ya kwawo, ndipo udalengezedwa pa nthambi ya kumudzi kwake. Lamulungu lotsatira amalume ake adatulukira ndi chiphaso m'manja, atakongola ndalama yokwerera. Pamene majisitireti adakhala pansi pa mtengo m'bwalo la ndende kuunika maina, woimira boma adavomera kuti doketi siikuoneka ndipo wodandaula adasamuka. Nkhani yonse idatenga mphindi zosakwana khumi. Mnyamatayo adatuluka ndi jumbo imodzi, mkati muli bulangete lija ndi kachidutswa ka sopo, ndipo pageti adafunsa amalume ake ngati agogo akadali moyo.