Mwana akayankha zosiyana ndi makolo, sikuti wanama

Anthu ambiri amaganiza kuti ukafuna kudziwa mmene banja likuyendera, ufunse bambo kapena mayi basi. Wachinyamata akanena zina, ati ndi mwano kapena chibwana. Maganizo amenewa ndi olakwika.

Mafunso amene akatswiri amagwiritsa ntchito sayeza banja ngati sikelo yoyezera chimanga. Amayeza mmene munthu akulionera banjalo. Mu 1978 dokotala wa ku America, Gabriel Smilkstein, anakonza Family APGAR. Ndi mafunso asanu okha, ndipo amafunsa ngati woyankhayo akukhutira ndi zinthu monga thandizo, kukambirana, chikondi ndi nthawi yokhalira limodzi. Muyeso wina wotchedwa FACES, wa David Olson ndi anzake, umaona kugwirizana kwa a m'banja ndi kutha kwawo kusintha zinthu zikavuta. McMaster Family Assessment Device ya 1983 imayankhidwa ndi aliyense wa m'nyumbamo wa zaka 12 kupita m'tsogolo, ndipo aliyense amayankha payekha, dala.

Kawirikawiri achinyamata amapereka malikisi otsika kuposa makolo awo. N'zomveka. Kholo ndi limene likuyendetsa banjalo, choncho polichitira umboni limadzichitiranso lokha umboni, pomwe mwana wa zaka 15 akufuna ufulu ndipo malamulo amamupana. Mayi akhoza kulumbira kuti "timakambirana", mtsikana wawo akuona kuti amangouzidwa zochita. Onsewo akunena zoona za mbali yawo.

N'chifukwa chake mlangizi wodziwa ntchito sasankha yankho limodzi n'kutaya linalo. Amafufuza funso limene asiyanapo kwambiri, n'kuyambira pamenepo kucheza ndi banjalo.